Kodi mowa ndi nsima zingasokoneze kupima kwa khansa ya prostate?

AMUNA ambiri amene afika zaka 50 ndi kupitirira ayamba kumva ku zipatala ndi pa wailesi za kupima magazi kochedwa PSA, kumene kuthandiza madokotala kuona ngati mwamuna ali ndi vuto m'kanyama ka m'thupi kochedwa prostate. Mbiri ya kupima kumeneku yafika ndi kumidzi komwe, ndipo monga zikhalira ndi cinthu ciri conse cacilendo, yafika pamodzi ndi mphekesera zake.

Ena akamba kuti munthu wopita kukapimitsa ayenera kulawira m'mamawa osalawa kanthu, ngakhale phala. Ena akuti ayenera kuleka mowa mlungu wathunthu kuti magazi ayere. Aliponso amene amwa madzi a mandimu kapena mizu yowiritsa masiku atatu asanapite, poganiza kuti akatero nambala idzatuluka yabwino. Ndipo pali gulu lina la amuna amene sapitako konse, cifukwa dzulo lake anali pa mowa ndipo aopa kuti makina adzawaulula pamaso pa anamwino.

Funso la amuna onsewa ndi limodzi: kodi cimene munthu wadya kapena kumwa cingasinthe nambala imene ituluka m'makina? Funsoli ndi loyenera, pakuti safunsa anadya phula, ndiponso cifukwa nambala yolakwika iri ndi mtengo wake. Ikakwera popanda cifukwa ceniceni, banja lingagulitse mbuzi kapena matumba a cimanga kuti bambo apite ku Lusaka, nkukapeza kuti panalibe kanthu. Ikatsika mwacinyengo, bambo abwerera kumudzi mtima uli m'malo pamene matenda ali kukula mwakacetecete.

Akatswiri a za umoyo afufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri. Cimene apeza ndi cakuti nsima ya m'mawa ndi cipanda ca mowa ca dzulo ziri ndi mphamvu yocepa kwambiri pa nambalayi, koma kuti pali zinthu zina, zosachulidwa kawirikawiri pa bwalo la mowa, zimene ziisintha ndithu. Njinga iri m'gulu limenelo.

Thumba la ufa

Prostate ndi kanyama kopezeka mwa amuna okha. Kakhala pansi pa cikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo ipyola pakati pake monga momwe mseu upyolera pakati pa mudzi. Mwa mnyamata kukula kwake kungafanane ndi suku limodzi, ndipo kalemera magilamu ngati 20. Nchito yake ndi kupanga gawo lina la madzi a umuna, ndipo m'madzi amenewo ndimo muli PSA, imene isungunula umunawo kuti mbeu za mwamuna ziyende bwino.

Motero PSA si ululu, si kacirombo, ndiponso si cinthu colowa m'thupi ndi cakudya. Mwamuna ali yense wamoyo ali nayo. Yambiri ikhala mu prostate momwemo, koma yocepa kwambiri idonthera m'magazi, ndipo yodonthayo ndiyo ipimidwa. Kucepa kwake nkodabwitsa, pakuti iwerengedwa m'mananogilamu, ndipo nanogilamu imodzi ndi gawo limodzi la magawo 1,000,000,000 a gilamu.

Nkhaniyi imveka bwino poganizira thumba la ufa loimikidwa pa ngodya ya nyumba. Thumba labwinobwino litulutsa kafumbi pang'ono pansi. Wina akalikhalira kapena kuligwedeza, ufa wapansi uculuka. Thumba likakhala lalikulu, kafumbi kaculukanso. Khoswe akaliboola, ufa utayika wambiri. Mai wosesa m'mawa aona ufa pansi, koma ufawo sumuuza ngati walowa ndi khoswe kapena ana anali kusewerera pa thumbalo. Afunika kukweza thumba ndi kuliyang'ana.

Ndimo mmene PSA iliri. Khansa iikweza, koma iikwezanso prostate yokula cifukwa ca ukalamba, yotupa cifukwa ca matenda, kapena yopanikizidwa. Akatswiri a pa Roswell Park mu mzinda wa Buffalo ku America ndiwo anailekanitsa bwino ndi zina za m'thupi mu 1979. Boma la America linalola kupima kumeneku mu 1986 pofuna kutsatira amuna odziwika kale kuti ali ndi khansa, ndipo mu 1994 linakulola pofufuza matendawa mwa amuna a zaka 50 ndi kupitirira. Kuyambira nthawi imeneyo nambala 4 yakhala ngati malire m'zipatala zambiri, ngakhale kuti madokotala ayang'ananso msinkhu wa munthu, popeza nambala ya nkhalamba ya zaka 75 ikhala yokwererapo kuposa ya bambo wa zaka 50.

Malire amenewa si mpanda wa miyala. Mwa amuna 4 ali onse amene nambala yao yakwera, pafupifupi 3 apezeka kuti alibe khansa. Kumbali ina, kufufuza kwakukulu kofalitsidwa ku America mu 2004 kunapeza kuti mwa amuna 100 ali onse amene nambala yao sinapitirire 4, pafupifupi 15 anali nayo khansa pamene tinyama ta prostate yao tinapimidwa. Cifukwa ca ici, ciri conse cokankha nambalayi m'mwamba kapena pansi ciyenera kudziwika bwino.

Za cakudya

Mau akuti munthu apite kukapimitsa ndi njala ali ndi kumene anacokera. Popima matenda a shuga, ndiponso nthawi zina popima mafuta a m'magazi, odwala auzidwa kuti asadye kanthu kuyambira usiku, cifukwa cakudya cikweza shuga m'maola ocepa cabe. Anthu anamva lamulo limenelo nalisandutsa lamulo la kupima magazi kuli konse.

PSA siyenda motero. Sicokera m'mimba, ndipo ikalowa m'magazi itenga masiku 2 kapena 3 kuti itsike ndi theka. Mbale ya nsima ndi kapenta, mbatata yowocha kapena thobwa la m'mawa sizingaikweze kapena kuitsitsa mwa njira yosokoneza dokotala. Mwamuna wopita kukapimitsa PSA adye monga adyera masiku onse, pokhapokha ngati auzidwa kuti tsiku lomwelo adzapimidwanso shuga. Kwa bambo amene amwa mankhwala a shuga, kuyenda mtunda wautali pa dzuwa la October m'mimba muli gwaa ndiko kungamugwetse panjira, ndipo ngozi imeneyo ndi yaikulu kuposa imene ali kuithawa.

Madzi a mandimu ndi mizu yotsuka m'mimba sizifika kumene PSA ipangidwa. Zingomusiya munthu wofooka.

Nanga kadyedwe ka miyezi ndi zaka? Pamenepa akatswiri ayesa ndithu. Mu 2005 Dr Dean Ornish ndi anzake ku California anafalitsa zimene anapeza mwa amuna 93 okhala ndi khansa ya prostate yongoyamba kumene. Theka la amunawo linaleka nyama, mazira ndi mkaka, linacepetsa mafuta kwambiri, ndipo linali kucita masewera olimbitsa thupi kwa caka cathunthu. Nambala yao inatsika ndi magawo 4 pa 100, pamene ya anzao amene sanasinthe kadyedwe inakwera ndi magawo 6 pa 100. Kusiyanako kunalipo, koma kuyenera kuonedwa pa msinkhu wake: kwa bambo amene nambala yake iri 6, kutsika kotero kumufikitsa pa 5.8 cabe, pambuyo pa miyezi 12 yosalawa nyama. Amene aganiza kuti masiku atatu a ndiwo zamasamba adzasintha pepala la ku labotale ali kudzinyenga.

Kufufuza kwina kofalitsidwa mu 2020 kunatsatira amuna 478 a khansa yongoyamba kwa zaka 2. Ena analimbikitsidwa kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso zambiri tsiku liri lonse, ndipo anadyadi, koma matenda ao anapita patsogolo pa liwiro lofanana ndi la anzao. Matimati, amene achuka kwambiri pa nkhaniyi, sanaonetse mphamvu yotsimikizika yotsitsa PSA. Mapiritsi a mavitamini ogula m'sitolo anacita coipirapo: m'kufufuza kwa amuna oposa 35,000, kunapezeka mu 2011 kuti amene anali kumwa vitamini E tsiku ndi tsiku anadwala khansa ya prostate koposa anzao ndi magawo 17 pa 100.

Izi sizitanthauza kuti cibwabwa, bonongwe, kholowa ndi nyemba zilibe nchito. Zithandiza mtima, zithandiza pa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anthu akumidzi ali ndi mwai kuti azipeza kuseri kwa nyumba pamene a m'tauni azigula. Koma si cida conyengera makina.

Pali njira imodzi imene cakudya cisinthiradi nambalayi, ndipo ndi njira yoipa. Njirayo ndi kunenepa. Munthu wonenepa kwambiri ali ndi magazi ambiri m'thupi kuposa wocepa thupi, kotero kuti PSA yake isungunuka m'madzi oculuka. Sipuni imodzi ya mcere imveka kwambiri m'kamphika ka ndiwo, koma sipuni yomweyo m'mphika wa pa maliro simveka konse, ngakhale kuti mcerewo ndi wofanana. Kufufuza kwa amuna oposa 13,000 kofalitsidwa mu 2007 kunaonetsa zimenezi. Motero bambo wa mimba yaikulu, amene anthu amutamanda kuti zinthu zimuyendera, angalandire nambala yooneka yabwino pamene prostate yake iri ndi vuto. Coipa cina ndi cakuti kunenepa kwambiri kuyenda limodzi ndi khansa ya prostate ya mtundu woopsa. Dokotala wodziwa nchito ayang'ana thupi la munthu pamodzi ndi pepala lake.

Za mowa

Coyamba cimene amuna amantha ayenera kumva ndi cakuti makina opima PSA saona mowa. Apima cinthu cimodzi cokha cimene anapangidwira, ndipo pepala lotuluka silinena kuti munthu anamwa Chibuku, kacasu kapena mowa wamasese. Ndiponso pa zinthu zimene zipatala ziuza amuna kupewa asanapimitse, mowa kambiri suchulidwa, cifukwa kumwa kwa usiku umodzi sikusuntha nambalayi mokwanira kusintha maganizo a dokotala. Palibe cifukwa cobwezera ulendo wa ku cipatala cifukwa ca mowa wa pa ukwati wa dzana.

Kufika pa cipatala uli ciledzerere ndi nkhani ina. Kupima kumeneku kufuna kukambirana, pakuti pali mafunso ofunika kuyankha bwino ndi malangizo ofunika kuwakumbukira, ndipo munthu amene mutu uli kuzungulira sangacite zimenezo.

Mwa amuna amene amwa zaka zambiri, akatswiri apeza kusiyana kocepa, ndipo m'kufufuza kwina nambala ya akumwa inali yotsikirapo pang'ono. Amene ciwindi cao cinaonongeka ndi mowa ndiwo aonetsa kutsika koonekeratu, cifukwa ciwindi codwala cisokoneza mphamvu za cimuna za m'magazi zimene prostate idalira popanga PSA. Cidakwa cisanyadire nambala yotsika yotere. Iri ngati utsi wocepa pa nyumba imene moto wake uli kuzima.

Koma pali njira ina imene mowa ukwezera PSA kwambiri, ndipo anamwino a zipatala za m'maboma aidziwa bwino. Amuna ambiri akakula, prostate yao ikulanso ndi kupanikiza njira ya mkodzo. Kukula kumeneku si khansa. Bambo wotere akakhala pa mowa tsiku lonse, namwa zipanda zambiri, impso zake zipanga mkodzo wambiri pa nthawi yocepa, ndipo mowa umuiwalitsa kunyamuka. Cikhodzodzo cidzaza mopitirira muyezo kufikira cilephera kukankha, ndipo mkodzo utsekeka. Usiku womwewo bamboyo anyamulidwa pa ngolo kupita ku cipatala ali kubuula, mimba ya m'munsi iri gwa ngati ng'oma, ndipo kumeneko amuika kapaipi kotulutsira mkodzo.

Magazi akatengedwa pa nthawi imeneyo, nambala ingatuluke yokwera kwambiri, cifukwa kutsekeka kwa mkodzo ndi kulowetsa kapaipi zonse ziwiri zigwedeza thumba lija la ufa. Banja likamva nambala yotero liyamba kulira maliro munthu ali moyo. Cofunika ndi kudikira milungu ingapo vutolo litatha ndi kupimanso. Bambo amene mkodzo unatsekekapo, kapena amene anaikidwa kapaipi posacedwa, anene zimenezo asanatambasule dzanja kuti atengedwe magazi.

Mowa ubisanso zizindikiro. Mwamuna amene adzuka kanai kapena kasanu usiku kukataya madzi, amene mkodzo wake utuluka mofooka kapena modukizadukiza, kambiri anena kuti ndi mowa wa madzulo, ndipo akazi ake avomereza. Zaka zipita. Njira yosavuta yodziwira ndi kuona ngati vutolo lipitiriza pa masiku amene sanamwe.

Funso lakuti mowa ubweretsa khansa ya prostate ndi losiyana ndi la kupima, koma liyenera kuchulidwa. Kufufuza kwina kwa ku America kofalitsidwa mu 2009 kunapeza kuti amuna akumwa kwambiri, monga mabotolo 4 kapena kuposerapo pafupifupi tsiku liri lonse, anapezeka ndi khansa ya prostate ya mtundu woopsa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzao. Pa ziwalo zina umboni ndi wolimba koposa: bungwe la dziko lonse lofufuza za khansa linaika mowa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988, ndipo udziwika kuti uyambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi, ya kum'mero, ya ciwindi ndi ya m'matumbo. Kuleka mowa mlungu umodzi pofuna kukondweretsa makina, nkubwereranso ku shabini pepala liri m'thumba, sikucotsa ciri conse ca zimenezi.

Zimene zisinthadi nambala

Ku Cigawo ca Kum'mawa njinga ndiyo galimoto ya munthu wamba. Inyamula makala, mbuzi, feteleza ndi odwala, ndipo acikulire akumbukira masiku amene njinga zinali kupangidwa pa Luangwa Industries mu Chipata. Tsono cishalo ca njinga cikhala pamalo penipeni pamene prostate iri pafupi ndi khungu. Mu 2013 akatswiri a ku Australia anapima amuna 129 a zaka 50 ndi kupitirira asanachove ndiponso atachova mitunda ya makilomita 55 mpaka 160. Nambala yao inakwera ndi pafupifupi magawo 9.5 pa 100. Kukwerako kuoneka kocepa, ndipo pa maulendo afupiafupi kucepa koposa, koma bambo amene nambala yake yeniyeni iri 3.8 angadumphe nako malire a 4 ndi kuyamba ulendo wa nkhawa umene sunafunike.

Cifukwa cake zipatala zambiri zilangiza kuti mwamuna apewe kuchova njinga mwamphamvu ndi masewera olemetsa kwa maola 48 asanapimitse. Malangizowa analembedwa ndi anthu okhala pafupi ndi zipatala zao. Kwa mlimi wa ku Vubwi kapena ku Chama amene cipatala ciri pa mtunda wa tsiku lathunthu pa mseu wa mabampu, njinga ndiyo njira yokha yofikirako. Amene angathe akwere galimoto, kapena afike msanga ndi kugona kwa acibale pa boma masiku 2. Amene sangathe apite ndithu, koma auze anamwino mtunda umene wachova, kuti nambala ikatuluka pa malire adziwe poyambira.

Caciwiri ndi nkhani ya m'nyumba. Mwamuna akakhala malo amodzi ndi akazi ake, PSA ya m'magazi ikwera pang'ono, makamaka mwa acikulire, ndipo ibwerera m'malo mwake pakapita masiku 2. Motero alangizidwa kudziletsa maola 48 asanapimitse. Kwa Acewa lamulo lotere si lacilendo, pakuti mwambo wa kudika unali kusungidwa pa maliro, pa cinamwali ndi pofulula mowa wa mizimu, ndipo masiku ake anali oculuka kuposa awa.

Cacitatu, cimene cikweza nambala kuposa zonsezi, ndi matenda a m'njira ya mkodzo ndi kutupa kwa prostate. Mwamuna amene amva kuwawa kapena kuocha pokodza, amene atuluka mafinya, kapena amene ali ndi malungo pamodzi ndi kupweteka m'munsi mwa mimba, angakhale ndi nambala yokwera kuwirikiza kangapo popanda khansa iri yonse. Matenda opatsirana monga cinzonono ali m'gulu lomweli. Lamulo ndi kuciza matendawo coyamba, ndi kudikira milungu 6 asanapime PSA. Okhala m'mbali mwa Luangwa ndi m'madambo anenenso ngati anadwalapo likodzo kapena aona magazi mu mkodzo, cifukwa mazira a likodzo akhazikika m'cikhodzodzo ndipo angafike ndi ku prostate komwe.

Cacinai ndi mankhwala, ndipo awa ndiwo atsitsa nambala mwacinyengo. Amuna a prostate yokula kambiri apatsidwa mapiritsi ochedwa finasteride kapena dutasteride. Munthu akawamwa kwa miyezi 6 kufikira caka, PSA yake itsika ndi theka. Madokotala adziwa zimenezi, ndipo awirikiza nambalayo kawiri, kotero kuti 3 awerengedwa ngati 6. Koma dokotala sangawirikize cimene sanauzidwe. Bambo amene analandira mapiritsi ku cipatala cina, kapena amene mwana wake wa ku Lusaka kapena ku Kitwe amutumizira mwezi ndi mwezi, anyamule mapaketi ake onse ndi kuwaika pa tebulo. Aspirin ndi mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi atsitsanso nambalayi pang'ono, koma munthu asaleke kumwa mankhwala ali onse cifukwa ca kupima kumeneku popanda mau a dokotala.

Mankhwala a zitsamba ogulitsidwa m'mabotolo afuna kusamala kwapadera. Ku America kunali mankhwala ochedwa PC-SPES, amene anali kugulitsidwa ngati zitsamba zothandiza prostate, ndipo anali kutsitsadi PSA. Mu 2002 anacotsedwa pa msika atapezeka kuti munali mankhwala a cizungu osalembedwa pa botolo, kuphatikizapo osungunula magazi. Ngati zotere zinacitika m'dziko la malamulo okhwima, nanga botolo lopanda dzina logulidwa pa siteshoni ya basi, lolonjeza kubweza unyamata, muli ciani? Amene amwa zotere anene poyera, cifukwa anamwino amva zambiri ndipo sadabwa.

Kupima kwa cala, kumene amuna ambiri akuopa kuposa jekeseni, kusuntha nambalayi pang'ono cabe, ndipo kambiri magazi atengedwa coyamba.

Nambala ikatuluka yokwera

Ngakhale munthu asunge malangizo onse, PSA isinthasintha yokha. Kufufuza kofalitsidwa mu 2003 kunatsatira amuna opimidwa caka ndi caka, ndipo pafupifupi theka la amene nambala yao inapitirira 4 anapezeka ndi nambala yabwino pa kupima kwina kotsatira, popanda mankhwala ali onse. Ndiye cifukwa cake dokotala akaona nambala yokwera pang'ono auza munthu kuti abwerenso pakapita milungu ingapo. Ena aona ngati dokotala wawanyalanyaza. Sikutero ai, kuona maso a nkhono nkudekha. Colakwa cacikulu ndi kusabwereranso.

Nambala ikakhalabe yokwera, patsatira kupima kwa cala, kuunika ndi makina, ndipo pomaliza kutenga tinyama tating'ono ta prostate ndi singano kuti tikaonedwe ku labotale. Kupima komalizaku ndiko kunena motsimikiza ngati pali khansa. Kupima PSA sikupezeka pa kiliniki iri yonse ya kumudzi, motero njira yake ndi kuyambira pa kiliniki yapafupi, kulandira kalata yopita ku cipatala ca pa boma kapena ku zipatala zazikulu monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete, ndipo ofunika cithandizo capadera atumizidwa ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007.

Khansa ya prostate ndiyo ipezeka kwambiri mwa amuna a m'Zambia kuposa khansa ina iri yonse, ndipo ambiri afika ku cipatala mocedwa, msana ndi ciuno ziri kupweteka cifukwa matenda alowa kale m'mafupa. Ikangoyamba kumene kambiri siipweteka ndipo siionetsa cizindikiro. Amuna akuda ali pa ngozi yaikulu kuposa a mitundu ina: ku Britain kuwerengedwa kuti mwamuna wakuda mmodzi mwa 4 adzapezeka nayo pa moyo wake, pamene mwa amuna onse ndi mmodzi mwa 8. Amene atate ao, akulu ao kapena ang'ono ao anadwala matendawa ali pa ngozi yoposerapo. Cifukwa ca ici, mabungwe ena a za umoyo alangiza amuna akuda kuyamba kukambirana ndi dokotala za kupima pa zaka 45.

Kukambiranako nkofunika cifukwa kupima kuli ndi matope ake, monga mvula. Khansa zina za prostate zikula pang'onopang'ono kotero kuti munthu akalamba ndi kumwalira ndi matenda ena zisanamuvute, pamene opaleshoni ndi kuocha ndi makina zingasiye mwamuna wosatha kusunga mkodzo kapena wofooka m'nyumba. Kufufuza kwakukulu kwa ku Ulaya kunaonetsa mu 2019 kuti pa zaka 16, panafunika kuitana amuna 570 kukapimitsa, ndi kupeza khansa mwa 18, kuti imfa imodzi ipewedwe. Ndiye cifukwa cake masiku ano ena opezeka ndi khansa yofatsa sapatsidwa mankhwala msanga, koma apimidwa kawirikawiri ndi kuyang'aniridwa. Amene khansa yao yapezeka isanafalikire ali ndi mwai waukulu. Nelson Mandela anapezeka nayo mu 2001 ali ndi zaka 83, analandira cithandizo ca kuocha ndi makina kwa milungu 7, ndipo anakhala ndi moyo kufikira 2013.

Pepala la zotsatira lisatayidwe kapena kupichiridwa fodya. Lisungidwe pamodzi ndi khadi la ku cipatala ndi citupa, ndipo pambuyo pake palembedwe tsiku, mankhwala amene munthu anali kumwa, ndi ngati anafika pa njinga. Dokotala afuna kuona nambala ziwiri kapena zitatu zoyandikana, pakuti bambo wa zaka 55 amene nambala yake yacoka pa 1.5 kufika pa 3.5 m'zaka 2 afunika kuyang'anidwa bwino ngakhale sanafike pa 4, pamene nkhalamba ya zaka 78 imene yakhala pa 4.5 kwa zaka 5 ingauzidwe kungobweranso caka camawa. Ngati nkotheka, kupima kwaciwiri kucitike pa labotale yomweyo imene inapima koyamba, cifukwa makina a makampani osiyana apereka manambala osiyanako pang'ono pa magazi amodzimodzi.